Za Munthu Woipa wa m'Kanema, ndi Moto wa ku Chikangawa

Pa zaka zino anyamata athu a ku Chikangawa, ku Mzimba, ku Jenda ndi ku Embangweni apeza mlandu watsopano umene makolo athu sanaudziwa. Satsutsana za ng'ombe kapena za malire a munda, koma za anthu a m'kanema. Ataweruka ku nchito yoceka matabwa amalowa m'tinyumba ta kanema, kapena amaunjikana pa foni ya mnzao, napenya ngwazi za ku America zimene zimauluka ndi kugwetsa nyumba ndi manja. Ndipo cimene catidabwitsa ife ndi ici: potuluka sakamba kwambiri za ngwaziyo ai, koma za mdani wace. Tsono tifuna kukamba nanu, owerenga okondedwa, za mdani mmodzi amene wagawa anthu koposa anzace, pakuti nkhani yace iri pafupi ndi ife kuposa umo tiganizira.

Kanemayo dzina lace ndi Black Panther. Anaturuka m'caka ca 2018, ndipo anamkonza ndi Ryan Coogler. Nkhani yace nja dziko longopeka la mu Africa, lochedwa Wakanda, limene linabisa cuma cace kwa mitundu yonse. Mfumu yace ndi T'Challa, ndipo anasewera mfumuyo ndi Chadwick Boseman, amene anamwalira mu August 2020. Mdani wace ndi Killmonger, ndipo anasewera mdaniyo ndi Michael B. Jordan.

Ciyambi ca udani wao cinali cotere. Mfumu yakale, atate wace wa T'Challa, inatuma mphwace ku America. Mphwaceyo ataona kusauka kwa anthu akuda kumeneko, anapangana ndi mbala kuti abe citsulo ca mtengo wapatali ca dziko lao, cosulira zida. Mfumu itamva inamlondola ku mzinda wa Oakland, nimupha m'nyumba mwace, nibwerera kwao usiku womwewo. Koma pabwalo panali kamnyamata kakusewera mpira, mwana wa wophedwayo. Mfumu inakasiya komweko, nibisa nkhaniyo. Kamnyamata kaja ndiko kanakula nikasanduka Killmonger. Motero pa mwambo wathu anthu awiri omenyanawo ndi abale enieni, pakuti atate ao anali mkulu ndi mphwace.

Pa munthu ameneyu tamva maganizo a mitundu iwiri. Alipo ena, makamaka amai ndi akulu amene amapenya kanema kamodzikamodzi, amene amadana ndi Jordan mwini wace. Amati nkhope yotere siingakhale yongoyerekeza. Munthuyo ngwankhanza ndithu, ndipo atafika pakhomo pao sangampatse madzi. Alipo enanso, makamaka anyamata, amene amamtama kopitirira. Amati ndiye anali mwamuna, ndiye ananena zoona, ndipo ufumu unamyenera iye. Ife tiyesa kuti mbali zonse ziwiri zagwira kanthu koona, koma zonse ziwiri zasiya kanthu kena panjira.

Tiyambe ndi oyambawo. Kodi gogo akamasimba nthano madzulo, nakulitsa mau ace ngati fisi mpaka ana kubisala kumbuyo kwa amao, timati gogoyo ndi fisi? Iai, timati adziwa kusimba. Kodi mnyamata amene amabvala nsaru yofiira pa sewero la Khirisimasi nakhala Herode, tidzamkaniza kukwatira m'mudzi mwathu? Mpingo wonse udziwa kuti Herode akakhala wofatsa ndi wamanyazi, sewero lazizira. Comweconso ndi Jordan. Mantha amene mumamva pomuona ndiwo umboni wa luso lace. Ndipo nchitoyo siinali yopepuka. M'caka ca 2019, pocezana ndi Oprah Winfrey, iye anaulula kuti pa nthawi yokonza kanemayo anadzipatula kwa anzace kuti alawe kusungulumwa kwa mwana wosiyidwa, ndi kuti atatha anapita kwa mlangizi wa za maganizo kuti amthandize kubwerera kwa anthu. Munthu wouma mtima sakadalemedwa ndi katundu wotere.

Nanga luso laceli liri pati? Adani ambiri a m'makanema awa amangobangula ndi kuseka mwacipongwe, ndipo tikatuluka tawaiwala. Koma Jordan anationetsa bala limene liri pansi pa ukali. Thupi lace ladzala ndi zipsera zimene anadziceka yekha, cipsera cimodzi pa munthu ali yense anamupha. Komabe pamene aonana ndi mzimu wa atate wace m'kanyumba kaja ka ku Oakland, alankhula mouma ngati wosasamala, misozi iri kutsika. Pamenepo m'kanyumba ka kanema mumakhala cete, ngakhale anyamata aphokoso aja. Ali yense waona kuti cimphona ici cikali kamnyamata kaja kamene kanakwera kunyumba nikapeza mtembo.

Sitidabwa kuti nkhani iyi ilasa mitima kuno ku Mzimba. Cinenero ca ku Wakanda m'kanemamo ndi Cixhosa, cimene cifanana ndi ca makolo a Angoni amene anaoloka Zambezi ndi Zwangendaba mu 1835, ndipo amuna athu amene anakhala ku South Africa amatolamo mau. M'bwalo la akulu a mfumu munakhalanso Connie Chiume, wobadwira ku Welkom mu 1952, amene atate wace anacokera ku Usisya m'boma la Nkhata Bay. Iye anamwalira mu August 2024. Koma cimene citilasa koposa ndi cina. Kuyambira masiku a Wenela kufikira lero lino la mabasi a ku Johannesburg, boma lathu lakhala likutumiza amuna kummwera. Ambiri amabwerako ndi njinga ndi malata, koma ena anasanduka machona. Anasiya ana kuno osawatumizira ngakhale kalata, ndipo ena anasiya ana komweko amene sadziwa mudzi wa atate ao. Mnyamata amene anakula akuchula dzina la atate wosawaona, akamva Killmonger akufunsa akulu cifukwa cace anamtaya, samva mau a mlendo. Amamva mau amene iye mwini wawasunga m'mtima zaka zambiri. Cifukwa cace sitiwaseka anyamata amene amamkonda.

Koma tsopano tinene ndi iwo, ndipo tiwapemphe akumbukire cimene munthu wao anacita tsiku limene anakhala pa mpando wacifumu. Ku Wakanda kunali munda wa mankhwala amene mfumu iri yonse imamwa polowa ufumu kuti ilandire mphamvu. Iye atamwa gawo lace analamula kuti munda wonse auoche. Mai wokalamba wosunga mundawo atayesa kumletsa, anamgwira pakhosi. Asanafike n'komwe ku Wakanda anali atawombera mkazi amene anamkonda, cifukwa anaima pakati pa iye ndi mdani wace. Munthu amene ananena kuti amenyera osauka a pa dziko lonse anayamba ndi kupweteka ofooka amene anali pafupi naye, naononga colowa ca ana osabadwa.

Ife a ku Chikangawa sitisowa wotimasulira moto umenewo, pakuti timauona ndi maso. Nkhalango ya paini ya pa Viphya, ya mahekitala oposa 50,000, inabzalidwa ndi manja a anthu, makamaka kuyambira m'caka ca 1964, ndi ciyembekezo ca fakitale ya mapepala imene siinamangidwe. Mtengo wa paini umafuna zaka zoposa 20 kuti ufike poceka matabwa abwino. Koma caka ndi caka, dzuwa likakula ndi udzu utauma, utsi umakwera pa mapiri. Moto wina umacokera kwa osaka mbewa ndi nyama, wina kwa osuta fodya. Koma tonse tidziwa kuti wina umayatsidwa dala ndi anthu a mkwiyo, amene sanalandire malipiro ao, kapena anacotsedwa nchito popanda kuwamva. Kawirikawiri dandaulo lao limakhala loona, monga linali loona la Killmonger. Koma moto sufunsa dzina la amene anakulakwira. Bwana amene unamkwiyira amakwera galimoto napita kwina. Otsala m'phulusa ndi woceka mnzako, ndi mai amene amasenza matabwa pamutu kucokera kucigwa kufikira kumseu kuti ana ace adye, ndi mwana wako amene akadadzaceka mitengo imeneyo atakula. Zimene zapsya usiku umodzi, mwana wobadwa lero adzayamba kumera ndebvu zisanabwerere.

Tsono yankho liri kuti? Tiliona mwa mfumu T'Challa, imene anyamata amaiyesa yofooka. Iyo inakana kupereka dziko kwa woocha, nimenyana naye kufikira kumgonjetsa. Koma siinanene kuti mdaniyo ananama. Inadzudzula atate wace ndi makolo ace onse cifukwa cotaya mwana. Inanyamula mbale wace wolasidwayo kuti aone dzuwa likulowa pa dziko la atate wace. Ndipo pambuyo pace inapita ku Oakland, nigula nyumba ija munacitikira mlandu, kuti ikhale malo othandizira ana a kumeneko. Makolo anati mlandu suola. Mlandu wa kamnyamata kamodzi unakhala cete zaka zoposa 20, ndipo unadzuka ndi kugwedeza dziko lonse.

Pamenepa pali mau a kwa ife akulu, amene timafulumira kudzudzula makanema. Ngati tiopa kuti ana athu adzatsanzira Killmonger, tisayambe ndi kutseka kanyumba ka kanema; tiyambe ndi kufunsa amene tamsiya pabwalo. Inu amene muli ndi anchito, alipireni pa tsiku lace, ndipo wodandaula mumumve asanapite kukagula macesi. Inu atate amene muli kummwera, foni iri m'thumba mwanu. Mwana wanu amve mau anu mwezi uno. Inu a pamudzi amene mudziwa kuti mbale wanu anasiya mwana ku dziko la eni, mfunefuneni, adziwe ciongo cace ndi manda a agogo ace. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Nanga wa mphwako?

Ndipo inu anyamata, pitirizani kutsutsana kwanu, pakuti kumanola nzeru. Mtamandeni Michael B. Jordan monga mumatamanda wobvina ingoma amene aponda pansi mpaka pfumbi kukwera. Anagwira nchito yace bwino, ndipo ayenera ulemu. Limveni dandaulo la Killmonger, pakuti nloona. Koma wina akadzakuuzani kuti mwamuna weniweni ndi amene amaocha munda, mtengeni mukwere naye pa phiri limene linapsya caka catha, mumuonetse zitsa zakuda, ndipo mumfunse amene anapindula.