Kusaka Kamera mu Nathan Road ku Hong Kong

Ukatuluka pa siteshoni ya sitima zapansi ya Tsim Sha Tsui, umafikira mu Nathan Road, msewu wotalika makilomita oposa atatu womwe umang'amba Kowloon pakati. Usanaponye phazi kawiri, oitanira malonda amakhala atakuzinga kale, wina akukokera kwa telala, wina akunong'oneza za mawotchi achinyengo. Chapafupi pali Chungking Mansions, chinyumba cha nsanjika 17 chomangidwa mu 1961, momwe amalonda a ku Africa akhala akupikulamo mafoni kwa zaka zambiri.

Ine ndinkasaka kamera. Ku Hong Kong kulibe msonkho wa VAT, choncho mitengo imatsikadi, ndipo akamberembere amabisala m'mbiri yabwino yomweyo. Mashopu a makamera andanda m'mbali mwa msewu, magetsi ali ngwee, ma Canon, Nikon ndi Sony ataunjikidwa m'magalasi. Koma yang'anitsitsani: m'mashopu ena mulibe kamera ngakhale imodzi yolembedwa mtengo.

Ndinalowa mu ina mwa shopu zoterozo. Wogulitsa anatchula mtengo wotsika kwambiri, n'kundiuza kuti ndilipiriretu, mnyamata akatenge katundu kosungira. Msampha wake wagona pomwepo. Ukangopereka ndalama, amakudikiritsa mpaka utatopa, kenaka amati kamerayo yatha, kapena ndi yachikale, bola utenge ina "yabwinopo". Imeneyo imakhala yotsika, koma mtengo wake wokwera. Ena amachotsa batire ndi tchaja m'bokosi n'kumakugulitsa padera. Ndinapempha kuti ndione kaye bokosi. Nkhope yake inagwa, ine n'kutuluka.

Boma limaudziwa mchitidwewu. Kuyambira mu 2013, lamulo la Trade Descriptions Ordinance limaletsa kukopa munthu ndi katundu wina n'kumugulitsa wina, ndipo chilango chimafika madola a ku Hong Kong 500,000 ndi ndende zaka zisanu. Komabe mlendo amene ndege yake inyamuka mawa alibe nthawi ya milandu, ndipo ogulitsawa amadalira zimenezo.

Ndinakwera sitima kupita ku Mong Kok. Mu Shantung Street muli Sim City, nyumba yodzaza timashopu ta makamera atsopano ndi ogwiritsidwapo kale ntchito, komwe eni mzinda amagulako. Kuno mitengo ili poyera, nthawi zina iwiri pa kamera imodzi. Wokwererapowo ndi wa katundu wodzera kwa mwini chilolezo cha kampani. Wotsikawo ndi wa kamera yeniyeni ndithu, koma yomwe inapangidwira msika wa dziko lina n'kulowa mwa njira ina. Kugulitsa yotereyi si mlandu, vuto lake ndi waranti: ikawonongeka, kampani ikhoza kukana kuikonza ulere. Makamera ena a Sony ogulitsidwa ku Japan amangolemba Chijapani chokhachokha.

Wogulitsa wina wachikulire anandiyalira mabatire awiri patebulo, ofanana kwambiri. Lina linali lachinyengo, lopepukirapo, zilembo zake zosaoneka bwino. Kamera yathunthu ndi yovuta kuikopera, choncho chinyengo chimathawira m'tinthu ting'onoting'ono: batire lomwe limafufuma kapena kutentha, ndi memory card yolembedwa 128GB pomwe imasunga zochepa, zithunzi za ukwati wa eni ake n'kutayika. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mkuluyo sanandifulumize. Anandilola kutsegula bokosi, kufananiza nambala ya pansi pa kamera ndi ya pabokosi ndi ya pakhadi la waranti, kuika batire n'kujambula, ndiponso kuona kuti shutter yajambulapo kangati. Pa lisiti analemba mtundu wa kamera, nambala yake, ndi kuti waranti ndi ya kampani. Kenaka ndinalipira.

Wojambula amene wasunga ndalama chaka chathunthu asanyengedwe ndi mtengo. Kaya ndi ku Mong Kok kaya kwina, wogulitsa woona sakana kuti katundu akhale m'manja mwanu ndalama zikadali m'thumba.