Anthu awiri, buku limodzi, ndi agogo anga

Amene tikuphunzirabe History m'kalasi mwathu mwa Fomu 3 tatsala ochepa, ndipo anzathu amatiseka kuti tikuloweza za anthu akufa. Kunyumbanso bambo funso lawo ndi limodzi: "Kodi mbiriyo idzakulemba ntchito?" Chaka chamawa ndi cha MSCE, choncho nkhaniyi si yocheza. Koma pali anthu awiri amene andichititsa kukakamira phunziroli, ndipo ndati ndikuuzeniko.

Woyamba ndi a Samuel Josia Ntara. Anabadwa mu 1905, anamwalira mu 1976. Anali mphunzitsi wa pansi pa mishoni ya Nkhoma, munthu wa choko ngati aphunzitsi athu omwewa. Buku lawo la Nthondo linapambana mpikisano wa mabuku olembedwa m'zilankhulo za mu Africa, ndipo mu 1934 linatuluka m'Chingerezi ndi dzina loti Man of Africa, womasulira ali Cullen Young. Koma limene limandikoka mtima ine ndi Mbiri ya Achewa, lomwe linatuluka m'zaka za m'ma 1940. Taganizani, nthawi imeneyo mbiri ya dziko lino ankalemba kwambiri ndi azungu, ndipo nkhani yake inkakhala ya Livingstone ndi abwanamkubwa. A Ntara anatenga zimene mafumu ndi akuluakulu ankakamba pakamwa, za Kalonga, za Undi, za mafuko a Phiri ndi Banda, n'kuziika papepala m'Chichewa chathu chomwechi. Nkhalamba imene sinapiteko kusukulu inasanduka mboni.

Wachiwiri ndi mzungu wa ku America, Harry Langworthy. Apa ndiye pamene ndinadabwa. Munthuyu anali mdzukulutuvi wa Joseph Booth, mmishonale uja amene anatenga John Chilembwe kupita naye ku America mu 1897. Eti magazi amakoka! M'zaka za m'ma 1960 Langworthy anabwera kudera lino kudzafufuza mbiri ya ufumu wa Undi, ndipo ntchitoyo inamupatsa digiri yaukachenjede ku Boston. Pamene buku la a Ntara linkatuluka m'Chingerezi mu 1973, ku Germany, ndemanga zake analemba ndi iyeyo. Pomaliza analemba mbiri ya moyo wa Booth yemweyo, yomwe inasindikizidwa kuno ku Malawi mu 1996.

Ndikawayerekeza awiriwa, ine mtima wanga uli kwa a Ntara, sindibisa. Langworthy anali ndi mayunivesite kumbuyo kwake. A Ntara anali ndi makutu ndi chilankhulo. Komabe onse awiri anazindikira chinthu chimodzi chimene ife a ku Mchinji timachidziwa tisanayambe n'komwe sukulu: mbiri ya kuno siyima pa chipata cha Mwami. Gawa Undi amakhala ku Mkaika, ku Katete, ndipo mwezi wa Ogasiti Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amasonkhana kumeneko ku Kulamba. Angoni a kwa Zulu ndi kwa Mlonyeni, Febuluwale akafika, maso amakhala ku Mtenguleni ku Ncwala ya Mpezeni. Ngakhale boma lathuli kale linkatchedwa Fort Manning, Chipata ali Fort Jameson, mayina a nthawi imene Angerezi anagonjetsa Angoni a Mpezeni mu 1898 n'kupha mwana wake Nsingo.

Tsono nkhani ya Nsingo ine sindinayambe kuimva m'kalasi. Ndinaimva kwa agogo anga aakazi, tikutonola chimanga. Iwo zaka sadziwa, ukawafunsa chaka amangoti "kalekale, amayi anga asanabadwe". Koma amatchula midzi imene anthu anathawira, ng'ombe zimene zinalandidwa, ndi chifukwa chake mbumba yathu ina ili tsidya la Zambia pamene ife tili kuno. Zina amasokoneza, zoona. Lero anena dzina ili, mawa lina. Aphunzitsi athu amati imeneyo ndiye ntchito ya wolemba mbiri: kufunsa anthu angapo, kuyerekeza, kenako n'kuona pamene nkhani zikugwirizana ndi pamene zasiyana. Osangomeza chilichonse.

Chimene chikundisowetsa mtendere n'choti agogowo atopa. Chaka chatha mchemwali wawo wamkulu, amene onse ankati ndiye katswiri wa mayina a makolo, anatisiya. Palibe ndi mmodzi yemwe amene analembako kanthu. Pamaliro anthu anachita kukangana kuti agogo a malemuwo dzina lawo linali ndani, mpaka nkhaniyo inangothera m'malere.

Ndiye ndagula kope la masamba 80 ndipo ndayambapo. Madzulo aliwonse a Loweruka ndimakhala nawo pakhonde, iwo akukamba, ine ndikulemba, osasintha mawu awo. Poyamba ankandiseka kuti, "Iwe mdzukulu, zimenezi ukagulitsa kuti?" Pano akangondiona ndi kope amayamba okha. Holide ikubwerayi ndikufuna kupita ndi amalume tsidya lija kwa azakhali, ndikamve mbali yawo.

Ngati alipo wa kwa Mkanda amene agogo ake amadziwa bwino za ufumu umenewo, chonde andipeze nthawi ya buleki. Mbali imeneyo m'kope langa mulibe kanthu.