Kukwera malamba mu aikido

Ophunzira aikido amakwera m'magawo awiri, kyu ndi dan. Ma kyu amawerengedwa chotsika, kuyambira 5 mpaka 1, ndipo kulikulu la bungwe la aikido la Aikikai ku Tokyo munthu wamkulu amamanga lamba woyera nthawi yonseyi. Wakuda amabwera pa dan yoyamba, yotchedwa shodan. Amene anakulira m'nyumba zoonetsera mafilimu, kaya ku Lichinga kaya ku Mangochi, n'kumaona Steven Seagal akupotokola mikono ya zigawenga, amatenga lamba wakuda ngati chizindikiro cha katakwe. Aphunzitsi a aikido amangomuona ngati wa munthu amene wagwira zoyambira.

Dongosololi linabwerekedwa ku judo. Kano Jigoro anapereka ma dan oyamba mu 1883, ndipo malamba amitundumitundu anawafalitsa ndi Mikinosuke Kawaishi, yemwe anayamba kuphunzitsa judo ku Paris mu 1935. Morihei Ueshiba, amene anayambitsa aikido, anakulira mwambo wina: mphunzitsi wake, Sokaku Takeda, ankapereka zikalata zolembedwa pamanja. Ma dan anafika mu aikido cha m'ma 1940, ndipo Ueshiba ankawapereka monga zamukomera, nthawi zina pakamwa pokha. Anakweza wophunzira wake, Koichi Tohei, mpaka dan 10.

Zinthu zinasintha pansi pa mwana wa Ueshiba, Kisshomaru, amene anatsogolera kuyambira 1969, chaka chomwe bambo ake anamwalira, mpaka 1999. Masewerawa anali atafalikira kunja, ndipo diso la munthu mmodzi silikanaona ophunzira onse. M'malo mwake munalowa kaundula. Lero kulikulu amawerenga masiku amene munthu waponda pamphasa: 30 kuti ayesedwe kyu 5, kenako 40, 50, 50 ndi 60, ndiyeno 70 ena asanayesedwe shodan, atakwanitsanso zaka 15. Dan yachiwiri imafuna masiku 200 ndi chaka chathunthu, yachitatu 300 ndi zaka ziwiri, yachinayi 400 ndi zaka zitatu. Wojomba safupikitsa ulendowu ngakhale akhale wadzitho chotani.

Mayeso ake si ndewu, pakuti Aikikai sichititsa mipikisano. Woyesa amatchula dzina la kaukiridwe ndi la njira yoyankhira, monga shomen-uchi ikkyo. Mnzake wa woyesedwayo amatsitsa dzanja molunjika pamphumi, iye n'kulilandira pachigongono, kulitembenuza ndi kumugoneka chafufumimba, kumanja ndi kumanzere, ataimirira komanso atagwada. Pa ma dan apamwamba amalanda mpeni wamtengo, amalimbana ndi anthu angapo nthawi imodzi, ndipo amalembanso nkhani. Kuyambira dan 5 kulibe mayeso. Munthu amachita kutchulidwa ndi akuluakulu, ndipo mayina amalengezedwa mu Januwale pamwambo wa Kagami Biraki.

Hakama, chovala chotakasuka chakumiyendo chija, nachonso chinasanduka chizindikiro cha udindo. Ueshiba ankafuna kuti aliyense avale, koma nsalu zitasowa pambuyo pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse, ongoyamba kumene analoledwa kusewera opanda. Chilolezocho chinakhazikika n'kukhala lamulo m'malo ambiri: hakama ndi ya wa lamba wakuda.

Kaundula anathetsa zambiri za kukondera, ndipo satifiketi ya dan yosainidwa ndi Moriteru Ueshiba, mtsogoleri wa lero, imadziwika m'mayiko onse kumene kuli Aikikai. Vuto lili kwa okhala kutali ndi mphunzitsi wololedwa kuyesa ma dan. Iwo masiku amawakwanitsa, koma amadikira mlendo wochokera kunja, kapena kusonkha ndalama za ulendo ndi za satifiketi.