Ndege za Mlombwa pa Khwekhwerere

Amene amatsika msewu wochoka pa Masasa kupita ku Golomoti, aja a ulendo wa ku Monkey Bay ndi ku Mangochi, amatipeza m'mbali mwa msewu pa Khwekhwerere titayala timagalimoto, tinjinga ndi timathirakitala tamatabwa. Anzanga ambiri pano ndi akatswiri a Land Rover, poti ndi imene azungu amagula osanenerera kwambiri. Ine ndimasema ndege. Luso ndinalitengera kwa atsibweni anga, amene anayamba ndi mitondo ndi mipini asanalowe m'zidole za kumsewu, ndipo chithunzi chimene ndinaphunzirirapo chinali cha pa kalendala yakale ya Air Malawi imene inali m'nyumba mwawo.

Ndege zanga sindizipaka penti. Ndimazisalaza ndi sandipepa, n'kupaka polishi wa nsapato kapena vanishi pang'ono, kwatha. Ukachotsa penti, dzina la kampani ndi chizindikiro cha kumchira, chotsala ndi thupi lokha, ndipo ndege za masiku ano thupi lake ndi limodzimodzi: thunthu lozungulira, injini ziwiri zolendewera kunsi kwa mapiko. Ndikasema Boeing 737 ngati ya Malawi Airlines, wogula wina amati ndi Airbus, wina amangoti "ndege yaikulu ija". Sindiwaimba mlandu. N'chifukwa chake mtima wanga uli pa zakale, zimene ungazidziwe pongozipapasa ndi dzanja.

Yapamtima panga ndi VC10. Air Malawi inagula imodzi mu 1974 kwa British Caledonian, ndipo inkanyamuka pa Chileka mpaka ku London, bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi lisanatsegulidwe. Inapangidwa ndi a Vickers ku Britain, ndipo anaipangira mabwalo a kuno kwathu, otentha, okwera, amsewu waufupi. Injini zake zinayi za Rolls-Royce anaziika kumbuyo, ziwiri mbali iyi ziwiri mbali inayo, mapiko n'kutsala oyera opanda cholendewera, mchira n'kuima pamwamba ngati chilembo T. Sinauluke zaka zambiri m'manja mwa Amalawi. Inakhala pansi pa Chileka mpaka anaiphwasula m'ma 1990. Ine sindinaionepo ikuuluka, koma msana wake ndimaudziwa kuposa ena amene anaikwerapo.

Kuisema kwake ndiye kumafuna mtima. Thunthu ndimayamba ndi kasemasema, kenako tupa, mpaka lizungulire bwino. Mapiko ndimacheka mu thabwa limodzi, mizere ya mtengo itsate utali wa phiko. Ukacheka mopingasa, phiko limathyoka mwana akangoligwira. Mchira ndi umene umavuta: kathabwa koimirira kamalowa m'kampata kamene ndimagoba ndi tchizulo pamsana, ndipo kopingasa ka pamwamba guluu yekha sangakagwire, ndimakakhomera ndi kachidutswa ka sipoko ya njinga. Injini ndimazisema mu phingo kuti zide, zisiyane ndi kufiira kwa mlombwa. Koma phingo ndi wolemera. Injini zinayi kumbuyo, mchira wautali pamwamba pake, ndege imakhala pansi ndi matako, mphuno m'mwamba. Mankhwala ake ndi kuboola kunsi kwa mphuno, kulowetsamo nati yakale ya galimoto, n'kutseka ndi kamtengo ka mtundu womwewo kuti pasaoneke. BAC One-Eleven, imene Air Malawi inalinso nayo, ili ndi khalidwe lomweli, kungoti injini zake ndi ziwiri, choncho nati yaing'ono imakwana.

Mitengo ndiyo yasanduka mutu. Mlombwa wasowa, ndipo a zankhalango salekerera wodula mwachisawawa. Ndimadalira zidutswa zotsala kwa akalipentala a pa boma ku Dedza, phingo ndimagula kwa anzathu osema ziboliboli a kumunsi kwa phiri. Paini wa ku Chongoni ndi wa m'phiri la Dedza amapezeka, koma ndi wofewa, amadyeka m'mbali, ndiye ndimasemera zoseweretsa ana. Thabwa laliwisi ndi mdani: lero phiko lawongoka, pakutha mwezi lapindika. Ndipo mu June ndi July, nkhungu ikakuta mapiriwa, guluu amachedwa kugwira, moti ntchito yomata ndimaichita masana okhaokha, dzuwa likatuluka.

Wogula aliyense ali ndi yake. Azungu ambiri amafuna kandege kakang'ono ka injini imodzi, ka Cessna, ngati kamene anakwera popita ku Likoma, ndipo funso lawo loyamba ndi lakuti mapiko amachoka kapena ayi. Amachoka, ndinaphunzira kuwapanga osolola kuti alowe m'sutikesi. Achinyamata amafuna Boeing 747 chifukwa cha linunda lake la pamutu, ndipo ndimavomereza, iyo payokha ili ndi nkhope. Q400 ya Malawi Airlines ndimaiopa pang'ono: pulopela iliyonse ili ndi masamba 6, timasamba topyapyala, ndipo miyendo yake yaitali imatuluka m'mainjini osati m'mimba, ndiye tsiku lonse limathera pa tizigawo tosaoneka. Wogula akamva mtengo wake amati, "Achimwene, kandege kameneka?" osadziwa kuti kakang'onoko ndi kamene kamadya maso.

Ilipo ina imene ndinaisiya. Dornier 228 ya asilikali inali yosavuta kusema, thunthu lake la makona anayi, mapiko pamwamba, ndipo kale ndinkaiyala pamodzi ndi zinzake. Chigwereni ya ku Chikangawa pa 10 June 2024, imene inapha wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko Saulos Chilima ndi anthu ena 8, manja anga amakana. Maliro ake anadutsa pamsewu waukulu kumtundaku popita ku Nsipe. Ena amaifunsa kuti akasunge ngati chikumbutso, ndipo sindiwaona olakwa, koma ndimawalozera kwa mnzanga wa pafupi.

Imene imandidyetsa, kunena zoona, ndi helikopita. Ana akaona chopalasira cha pamwamba chikuzungulira salola galimoto inyamuke, ndipo bambo amatulutsa ndalama kuti pakhale mtendere. Ndimaisema mu paini kapena malaina, msomali umodzi pakati, tsiku limodzi zingapo zatha.

VC10 imatha miyezi ili pathandala. Woigula amakhala mmodzimmodzi, kawirikawiri madala a imvi ochokera ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Safunsa dzina lake. Amainyamula, kuitembenuza, kuwerenga injini, kenako amayamba kusimba za phokoso lake pa Chileka, mmene anthu a m'midzi yozungulira ankasiyira makasu kuti aione ikukwera. Ameneyo sindimutsitsira mtengo, ndipo nayenso sapempha. Mmodzi anandiuza kuti mapiko ndawabweza m'mbuyo mosakwanira. Tinatsutsana mpaka akazi awo analiza hutala, koma anaigulabe, nanditumanso One-Eleven yoti adzaitenge pobwerera kuchokera kunyanja.