Joni ili patali bwanji ukaima pamchenga wa Senga Bay?

Madzulo amenewo ndinali nditakhala ndi amayi pamchenga ku Senga Bay, asodzi akukonza nyali ndi maukonde a chilimira kukonzekera usipa. Ndege inadutsa m'mwamba kwambiri, n'kusiya kamzere koyera. Amayi anaiyang'ana mpaka inazimiririka.

"Kodi iwe, ngati achimwene ako atakwera imeneyo, angafike liti?"

Achimwene ali ku Johannesburg, kapena kuti ku Joni, chaka chachisanu tsopano. Amayi miyendo yayamba kutupa, ndipo funso lawo silinali longocheza.

Ndinawauza zomwe ndikudziwa. Kuchokera pabwalo la ndege la O.R. Tambo kufika pa Kamuzu ku Lumbadzi pali mtunda wa makilomita pafupifupi 1,500. Ndege imauluka maola awiri ndi theka basi. Amayi anaseka. "Ndiye kuti nditateleka nyemba, iye n'kufika zisanapse?"

Sanalakwitse kwenikweni. Chodabwitsa n'chakuti kachigawo kotsala, kochokera ku Lumbadzi kudzafika kuno kunyanja, kangathe kudya nthawi yoposa ulendo wa m'mwambawo. Msewu wa M14 pakati pa Lilongwe ndi Salima ndi makilomita ngati 100, koma minibasi sinyamuka isanadzaze. Ukafika pa boma umafunanso matola akukutsitsira ku Senga Bay.

Koma ndi angati a kwathu kuno amapita ku Joni pandege? Ambiri ndi basi: kutulukira pa Dedza kapena Mwanza, kuwoloka Zambezi pa Tete, kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, kudutsa Harare, kenako kukaima pamzere pa Beitbridge. Tsiku ndi theka zikayenda bwino, masiku awiri pachipata pakathina. Tikiti ya ndege imadula kangapo, komanso mundege simulowa filiji, njinga ndi zikwama zazikulu zija munthu amabwera nazo kuti kumudzi aone kuti sanapite kukasewera.

Amayi anandikumbutsa kuti ndege za ku Joni si zachilendo m'banja mwathu. Bambo awo, agogo anga, anapita kumigodi pandege ya Wenela, yomwe inkatula anthu ku Francistown ku Botswana, kuti akapitirize pasitima yapamtunda. Mu April 1974 ndege ina ya Wenela inagwa itangonyamuka ku Francistown komweko, Amalawi oposa 70 omwe ankabwerera kumudzi n'kufa. Kamuzu anaimitsa zotumiza anthu kumigodi. Agogo anali atabwerera kale, koma amati sanafunenso kumva za ndege mpaka imfa yawo.

Ngakhale nyanja yomwe tinkaiyang'anayo inakhalapo bwalo la ndege. Mu 1949 ndege zotera pamadzi za BOAC, zochokera ku Southampton kupita ku South Africa, zinkaima ku Cape Maclear, tsidya lakummwera uko. Zinangotha chaka chimodzi.

Usiku ndinawaimbira achimwene pa WhatsApp. Ndinawauza za miyendo ya amayi osabisa kanthu. Anakhala chete kanthawi, kenako anafunsa mtengo wa tikiti ya ndege. Nditawauza, anapumira m'mwamba.

"Uwauze amayi ndinyamuka Lachisanu pabasi. Katundu ndimusiya."

Lamlungu m'mawa amayi analawirira kukagula chambo kwa asodzi pagombe, akuyenda pang'onopang'ono, atatsamira paphewa langa.