Kapini Kamene Kadagoneka Galimoto

Mumzinda wa Coventry, ku England, mudali fakitale ya Triumph imene inkapanga galimoto yaliwiro ya mipando iwiri yotchedwa TR6. Galimotoyi idayamba kugulitsidwa mu 1969 ndipo idaleka kupangidwa mu 1976. Idali ya denga lopinda ndi injini ya malita 2.5, ya masilinda asanu ndi imodzi. Zidapangidwa zoposa 90,000, ndipo zambiri mwa izo zidaolokera ku America. Fakitaleyo idaleka ntchito kalekale, koma zina mwa galimotozo zikuyendabe m'manja mwa anthu amene amazisamala ngati mwana wobadwa yekha.

Mmodzi wa anthu otere ndi mkulu wina wopuma pa ntchito, wokhala kunja pang'ono kwa mzindawo. Galimoto yawo idawatumikira zaka zambiri, kufikira pamene idayamba kukana magiya. Ankati akaponda kilatchi mpaka pansi ndi kufuna kulowetsa giya yobwerera m'mbuyo, mano a m'giyabokosi ankakukutana mochititsa nthumanzi. Adasintha mafuta a kilatchi, adachotsa mpweya m'paipi, koma matenda sadathe.

Kuti vutoli limveke, m'pofunika kudziwa njira imene mphamvu ya phazi imadzera. Woyendetsa akaponda kilatchi, silinda yoyamba imakankha mafuta m'paipi kupita ku silinda yachiwiri, yomangidwa kunja, pambali pa giyabokosi. Silinda yachiwiriyo imakankha kamkono kamene kamatembenuza mtanda wachitsulo wopingasa m'kati mwa chigoba cha kilatchi. Pamtandapo pali foloko, ndipo folokoyo ndiyo imakankha beringi kuti ikapanikize zala za mbale ya kilatchi, injini ilekane ndi giyabokosi. Tsono chimene chimagwirizitsa foloko ndi mtanda ndi kapini kamodzi kosongoka, kosaposa chala cha munthu. Mphamvu yonse ya mwendo, ulendo uliwonse munthu akasintha giya, imathera pa kachitsulo kameneka. Pakapita zaka kamatopa, kenaka kamathyoka, foloko n'kumagwedera pamtanda osakankha mokwanira. Eni galimoto za mtundu uwu amalidziwa bwino tsokali.

Kapiniko n'kotsika mtengo, koma kukafika pamene kali ndiye chintchito. Giyabokosi ya TR6 imatulukira m'kati mwa galimoto, osati kunsi. Munthu amayenera kuzula mipando, kuchotsa makapeti ndi chivundikiro cha giyabokosi, kumasula mabawuti, kenaka kunyamula chitsulo cholemeracho atawerama mothyola msana. Mkuluyo adachita zonsezi mothandizidwa ndi mdzukulu wawo wamkazi, ndipo adakapezadi kapiniko kataduka pawiri, chidutswa china chitakanirira mumtanda.

Apa panali njira ziwiri. Yoyamba idali kugula kapini kena kachitsulo cholimba, ndi kuboola foloko ndi mtanda kuti alowetsemo bawuti wothandizira, monga amachitira amakaniko ambiri. Yachiwiri idali kuchotseratu mtanda, foloko, kapini ndi silinda ya kunja ija, m'malo mwake n'kuika beringi yokhala ndi silinda yakeyake, yovekedwa pamphuno pa giyabokosi, imene mafuta amaikankha mwachindunji. Galimoto zambiri za masiku ano zimatuluka m'fakitale ndi makonzedwe otere.

Anzawo okonda galimoto zakale sadagwirizane nayo njira yachiwiriyi. Iwo adati galimoto ya makedzana imalemekezeka ikakhala monga idatulukira m'fakitale, ndipo woisintha amaichotsera mbiri ndi mtengo womwe. Mawuwa sadali opanda nzeru. Komabe anzawowo sindiwo ankapweteka bondo lamanzere pa mzere wa galimoto m'tauni, ndipo sindiwo adanyamula giyabokosi. Mdzukulu uja ndiye adadula nkhani.

"Agogo, kodi mukufuna galimoto yoti anthu aziiona kapena yoti inu muziyendetsa? Zaka zisanu zikubwerazi simudzathanso kunyamula chitsulo ichi."

Mkuluyo adasankha kusintha. Ntchito yeniyeni sidali ya mphamvu ayi, idali ya muyeso. Pakati pa nkhope ya beringi ndi zala za mbale ya kilatchi pamayenera kutsala mpata wa mamilimita ochepa chabe, monga mwa malangizo a wopanga. Mpata ukachepetsa, beringi imatsamira pazalapo nthawi zonse, kilatchi n'kumaterereka ndi kupsa msanga, makamaka chifukwa mbale ikamadyeka zalazo zimasendera kumene kuli beringi. Ukakulitsa, silinda imatuluka mopyola malire ake, labala wotchinga mafuta n'kuphulika. Choncho mkuluyo adayeza kuchokera pamlomo wa chigoba kufika pa beringi, adayezanso kuchokera kumbuyo kwa injini kufika pazala, nachotsera, nabwereza katatu konse, uku akuonjezera timawashala kumbuyo kwa beringi mpaka nambala zitagwirizana. Adamangiranso kachitsulo koletsa pedulo kutsika mopitirira. Mapaipi awiri adawatulutsira kunja kwa chigoba, ina yolowetsa mafuta, ina yochotsera mpweya, ndipo yochotsera mpweyayo adaiika pamwamba, poti mpweya umathawira kumwamba. Madzulo onse mdzukulu adali kuponda ndi kusiya, kuponda ndi kusiya, agogo ake akutsegula ndi kutseka kabawuti, mpaka thovu lomaliza litatuluka.

Galimoto idadzuka. Magiya adayamba kulowa mwakachetechete, ndipo pedulo idafewa kusiyana ndi kale, chifukwa mphamvu sinkatayikanso m'malo olumikizira odyeka aja.

Koma chilungamo chake n'chakuti kusinthaku kudachotsa nkhawa imodzi n'kubweretsa ina. Silinda yakale ija, ikadontha, munthu ankangolowa kunsi ndi sipanala n'kuisintha tsiku lomwelo. Yatsopanoyi ili m'kati mwa chigoba. Labala wake akadzatopa, mafuta adzanyowetsa mbale ya kilatchi, ndipo mipando idzazulidwanso, giyabokosi idzanyamulidwanso, chimodzimodzi monga zidachitikira ndi kapini kaja. Mkuluyo adadziwa zimenezi asanamange bawuti woyamba, koma wakwata kwa mphezi saopa kung'anima. Adangowerengera kuti labala watsopano angathe kukhala zaka zochuluka kuposa zimene iwo atsala nazo pachiwongolero.

Mtanda, foloko ndi silinda yakale sadazitaye. Adazitsuka, adazipaka girizi, nazikulunga m'nsanza, n'kuziika m'bokosi pamodzi ndi pepala lofotokoza miyeso yonse, kuti amene adzatenge galimotoyo, akadzafuna, adzaibwezere mwakale. Loweruka lililonse, asanalize injini, amatsegula boneti kuona ngati mafuta a kilatchi atsika, kenaka amagwada ndi tochi kusuzumira kunsi kwa chigoba ngati pali kadontho.