Za Phiri la Mulanje ndi Buluku la Mvula

Munthu wochokera ku Blantyre podzera njira ya ku Thyolo amaliona phiri la Mulanje akali kutali, litaima lokha pakati pa chigwa, mitambo italimanga m'chuuno. Nsonga yake ya Sapitwa iri mamita 3,002 pamwamba pa nyanja ya mchere, ndipo m'dziko lathu lonse mulibe malo ena okwera kuposa apo. M'chaka cha 2025 bungwe la UNESCO linalemba phirili m'kaundula wa malo osungidwa a dziko lonse lapansi. Alendo amadza kudzalikwera, anyamata a m'midzi ya m'tsinde mwake amawasenzera akatundu ndi kuwalondolera njira, ndipo ana a sukulu nawonso amapitako ndi aphunzitsi ao. Tsono ndifuna kucheza nanu, makolo anzanga, za chobvala chimodzi chimene ambiri amachiiwala pokonza ulendo umenewu.

Ambiri amayambira pa Likhubula. Wofuna kufika msanga ku Chambe amatsata njira yotchedwa Skyline, yokwera zolimba. Wofuna kuona madzi amadzera ya Chapaluka, yopitira pa Dziwe la Nkhalamba. Ponyamuka kumakhala kotentha, munthu nayesa kuti malaya amodzi akwanira. Koma mpweya umanka nuzizira pokwera, madigiri ngati 6 pa mamita 1,000 ali onse, kotero kuti wofika pa Sapitwa ali m'dziko lina, ngakhale mudzi wake akuuona pansi pomwepo. Ndipo kuyambira mwezi wa May kufikira August kumadza chiperoni, mvula yowaza ija ya nkhungu ndi mphepo, imene inatenga dzina lake ku phiri la Chiperone m'dziko la Mozambique. Chiperoni sachenjeza ndi bingu ai. Amangofika, nakhala masiku awiri kapena atatu.

Munthu akaganiza za mvula amakumbuka mutu ndi mapewa, nagula jekete. Miyendo amaisiya. Koma pamwamba pa phiri timayenda m'tinjira ting'ono ta m'udzu wofika m'maondo, ndipo udzu wonyowa umapukutira madzi ake onse pa buluku la woyenda. Jekete nayonso madzi ake imawatsanulira pa ntchafu. Buluku la thonje, makamaka jinzi imene anyamata athu amaikonda, limamwa madzi ndi kuwasunga, silifunditsanso, ndipo mphepo ikaomba limachotsa kutentha kwa thupi. Thupi la munthu limakhala pa madigiri 37. Likatsika pansi pa 35 ngozi yayamba. Poyamba munthu amanjenjemera, kenaka amapunthwa, mau ake samveka bwino, nzeru zimasokonekera, napempha kuti angokhala pansi pang'ono agone. Choopsya chiri apa, pakuti iye mwini sazindikira kuti wadwala. Anzake ndiwo ayenera kumbvula zonyowa, kumfunditsa zouma, kumtchinjiriza ku mphepo, ndi kumpatsa chakumwa chofunda cha shuga ngati akutha kumeza.

Buluku la mvula ndi lija lobvala pamwamba pa buluku lina. Alipo a mitundu itatu. Oyamba ndi olemera aja a mphira kapena pulasitiki, onga amabvala okwera njinga zamoto. Ndiwo adzukulu a nsaru imene Charles Macintosh wa ku Scotland anapanga mu 1823 pomata mphira pakati pa nsaru ziwiri. Madzi sawalowa konse, koma thukuta nalonso silituruka, ndipo wokwera nalo chitunda amafika pamwamba atanyowa chimodzimodzi, madzi ake ochokera m'kati. Achiwiri ndi a nayiloni yopepuka yopakidwa mankhwala kunsi kwake: ngotsika mtengo, amapindika nakwana m'dzanja, koma nawonso amasunga thukuta ndithu. Achitatu ali ndi kachikopa kopyapyala m'kati mwa nsaru, monga ka Gore-Tex, kochokera pa zimene Bob Gore anatulukira ku America mu 1969. Kachikopako kali ndi tizibowo tating'ono zedi, tosalola dontho la madzi kulowa koma tolola nthunzi ya thupi kuturuka. Amenewa ndi abwino, koma mtengo wake ngwowawa.

Kunena kwanga ine, kwa mwana wokwera phiri kamodzi pa chaka a mtundu wachiwiri akwanira, bola akhale ndi zipi m'mbali. Za zipi ndilimbikirepo. Mvula ikayamba pa thanthwe lotsetsereka, munthu sangakhale pansi kumabvula nsapato zamatope kuti alowetse mwendo. Zipi yofika m'bondo imalola buluku kupita pamwamba pa nsapato, ndipo yofika m'chuuno imatsegulidwa pang'ono pokwera kuti mpweya ulowe. Zipi imaonjeza kulemera pang'ono, komabe buluku lopepuka labwino silipitirira kwenikweni magalamu 300, ndiko kuti silifika pa theka la paketi ya shuga ya kilo imodzi. Lolemera kopambana apo mwana adzalisiya ku nyumba, ndipo buluku lotsala ku nyumba silitchinga mvula ya pa Lichenya.

Ambiri a ife tidzaligula pa kaunjika, ndipo palibe manyazi pamenepo, pakuti zabwino zimapezeka. Koma litembenuzeni muone m'kati. Msoko uli wonse ukhale womatidwa ndi kalamba kopyapyala, chifukwa pamene padalowa singano madzi amadzerapo. Ngati kunsi kwa nsaru kukufundukuka ngati khungu la njoka, kapena kukunyata m'manja, lisiyeni, latha. Likwezeni ku dzuwa muyang'ane zibowo pa maondo ndi pokhalira. Mukaona pa chikalata chake palembedwa 10,000 mm, ndiye kuti nsaruyo inayesedwa nipirira madzi oimikidwa m'chubu mamita 10. Imeneyo ikwanira pa Mulanje. Tsono mwanayo alibvale pamwamba pa buluku lake lomwelo, anjute, akweze bondo monga wokwera mwala. Likathina lidzang'ambika pa Sapitwa, pamene munthu amakwawa ndi manja pakati pa miyala. Likatalika adzaliponda nagwa.

M'nyumba zogona za pa phiri, monga ya Chambe, Thuchila, Lichenya ndi Chisepo, muli moto wa nkhuni, ndipo wonyowa amathamangira pomwepo. Nayiloni imasungunuka ndi kamoto kamodzi kothetheka, choncho buluku lipachikidwe patali liume lokha. Polichapa musalikhule pa mwala ai. Madzi ofunda ndi sopo pang'ono, kutsukuluza bwino, ndi kuyanika pa mthunzi.

Chinthu chimodzi buluku silingathe. Mitsinje ya pa phirili imadzala msanga mvula ikagwa kumtunda, ndipo kamtsinje kodumphika m'mawa kamasanduka chigumula masana. Mu 1949 mzungu wina woyang'anira nkhalango anatengedwa ndi madzi powoloka mtsinje wotere, ndipo Laurens van der Post, amene anali naye, analemba za imfayo m'buku lake Venture to the Interior. Wolondolera njira akati tidikire madzi aphwe, kapena tibwerere ku nyumba yogona, mwana wanu amvere, ngakhale galimoto ikuwayembekeza pa Likhubula.